Nyimbo ya pa wailesi m'malo mwa Salimo?

Mayi wina wotsogolera kwaya ku parishi kwawo wandilembera imelo kufunsa ngati pa Misa angaimbitse nyimbo yauzimu yotchuka pa wailesi m'malo mwa Salimo, poti akhristu amati Salimo limagonetsa tulo. Mayi, mwandikhudza pachilonda.

Ine ndinakulira m'kwaya ya katchalitchi ka kumudzi, komwe wansembe ankafika mwa apo ndi apo. Zida zathu zinali ng'oma ndi visekese basi. Koma tikayamba "Ambuye mutichitire chifundo," tchalitchi chonse chinkalandira, ngakhale agogo osadziwa kuwerenga, chifukwa nyimbozo anali nazo pamtima. Kenako munthu wina wakufuna kwabwino anatigulira kiyibodi. Posakhalitsa kunabwera mayunifomu, mipikisano ya makwaya, ndi maloto ojambula chimbale. Sabata iliyonse nyimbo yatsopano, ya mawu anayi, yokhotakhota moti ngakhale ife oimba tinkaigwira movutikira. Agogo aja anangoti zii, manja pachifuwa, kumationerera. Ena m'kwayamo ankati ndiye chitukuko. Ine mpaka lero ndimati tinawalanda anthu Misa yawo.

Musandimve molakwa, sindikudana ndi ng'oma kapena kuvina. Msonkhano wachiwiri wa Vatican, wa maepiskopi a Katolika a dziko lonse lapansi, m'chikalata cha Sacrosanctum Concilium cha 1963, unanena kuti nyimbo za makolo a mitundu ya anthu zipatsidwe ulemu ndi malo pa chipembedzo. Amene munapempherapo ndi masisitere a Poor Clares ku Lilongwe mukudziwa kuti ng'oma ikhoza kupemphera. Koma chikalata chomwecho chimalimbikira kuti mpingo wonse uzitengapo mbali, osati kagulu kovala zofanana kokha.

Ndipo poti ndayamba, ndinene zonse. Nyimbo ya "Ulemu kwa Mulungu" ili ndi mawu ake oikika, ndipo malamulo a m'buku la Misa salola kuwasinthanitsa ndi ena. Koma mupeza wopeka nyimbo wadulako theka n'kuikamo zake kuti zigwirizane ndi kavinidwe. Nanga ya zopereka, yomwe imapitirirabe wansembe atasamba kale m'manja, ali chiimire paguwa kudikira kuti kwaya imalize ndime yomaliza? Nanga woimba kiyibodi wosadziwa kuti m'nyengo ya Lenti Aleluya saimbidwa, ndipo chida chake chimangoyenera kuthandizira mawu? Ameneyu ndi wofunika kumukhazika pansi, osati kumuombera m'manja.

Yankho lanu tsono

Ayi, mayi. Salimo ndi Mawu a Mulungu, limodzi ndi mawerenga a tsikulo, ndipo silingachotsedwe kuti palowe nyimbo yosachokera m'Baibulo. Ngati likugonetsa tulo, vuto ndi kaimbidwe. Pekani kanyimbo kosavuta ka mawu a Salimo amene anthu onse amabwereza, muwaphunzitse anthu Misa isanayambe, ndime zina aimbe munthu mmodzi wotchula mawu momveka. Ngati kuphunzira latsopano sabata iliyonse kukuvuta, n'kololedwa kusankha Salimo limodzi loyenera nyengoyo, monga Salimo 51 m'nyengo ya Lenti, n'kumalibwereza. Nyimbo ya pa wailesiyo kawaonetseni kaye bambo mfumu mawu ake. Akaona kuti sakutsutsana ndi chiphunzitso cha Mpingo, mukhoza kuiimba potuluka kapena ku mphakati.