Zilembo zachepa, Chrome yada bii: yankho kwa mayi a ku Kasungu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Kasungu, ndipo ndiifupikitsa. Anawagulira laputopu yakale bambo awo, omwe anapuma pa ntchito ya uphunzitsi, kuti aziwerengerapo nkhani ndi Baibulo. Zilembo mu Chrome, bulawuza kapena kuti pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, zikuwachepera, moti akangowerenga pang'ono maso amatopa n'kuitseka. Mdzukulu atabwera pa holide anati awakonzere. Chimene anasiya n'chakuti pamwamba ponse pada bii, pali chithunzi cha osewera mpira, ndipo akalemba mawu oti afufuze, chikutseguka si Google koma tsamba lina lodzaza ndi zotsatsa malonda. Funso lawo ndi lakuti, “Kodi ndingakonze ndekha, osapita nayo kwa okonza makompyuta?”

Mayi, mukonza nokha, ndipo simulipira ngakhale khobidi. Koma tisayambire ku mitundu. Anthu akamva zosintha maonekedwe a bulawuza amathamangira zithunzi ndi utoto, chikhalirecho chimene chikuwaletsa bambo kuwerenga ndi kukula kwa zilembo. Munthu akadutsa zaka 40 diso limayamba kuvutika ndi zinthu zapafupi, n'chifukwa chake akuluakulu amatambasula dzanja powerenga nyuzipepala. Laputopu ilibe mlandu pamenepo, inangobwera itakonzedwera maso a anyamata.

Njira yachangu ndi iyi: tsegulani tsamba limene bambo amakonda, gwirani batani la Ctrl osalisiya, kenako dinani la +. Chilichonse pa tsambalo chikula, zilembo ndi zithunzi zomwe. Chrome imakwera pang'onopang'ono, kuchoka pa 100 kufika pa 110, kenako 125, 150, 175, 200, mpaka 500 peresenti. Ctrl ndi – imachepetsa, Ctrl ndi 0 imabwezera pamene zinalili. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti Chrome imakumbukira kukulako pa webusaiti iliyonse payokha. Mukakulitsa tsamba la nkhani, la Baibulo likhalabe laling'ono. Ndi apa pamene anthu amati “ndinakonza dzulo koma zabwereranso,” pamene sizinabwerere, angotsegula webusaiti ina.

Kuti mukonze zonse kamodzi, dinani timadontho titatu tili pakona ya kumanja pamwamba, sankhani Settings, kenako Appearance. Mukhozanso kungolemba chrome://settings/appearance mmene mumalemba adiresi ya webusaiti, mufika pompo. Pamenepo pali mizere iwiri imene imasokoneza anthu chifukwa imaoneka ngati ikunena chimodzimodzi: Font size ndi Page zoom. Page zoom ndi kukulitsa kuja, koma tsopano kwa mawebusaiti onse. Ikani pa 125, muwapatse bambo awerenge ndime imodzi, akadandaulabe kwezani kufika pa 150. Font size imakulitsa zilembo zokha, ndipo ili ndi masitepe asanu kuyambira Very small mpaka Very large, yapakati ndiye imene imabwera kale, ya mlingo 16. Kunena chilungamo, imeneyi imakhumudwitsa. Opanga mawebusaiti ambiri amakhomerera okha kukula kwa zilembo zawo, ndiye mumasankha Very large koma tsamba osasintha n'komwe. Chimene chili ndi mphamvu chabisika pansi pake, mu Customize fonts, ndipo chimatchedwa Minimum font size. Chimenechi chimauza Chrome kuti chilembo chilichonse chisachepere mlingo umene mwaika, kaya mwini webusaiti afune kaya asafune. Ine ndimaika pa 14. Mukakweza kwambiri, mawu amayamba kukwerana ndipo mabatani ena amabisika, makamaka pa masamba odzaza mafomu.

Muli momwemo muona poti musinthe mtundu wa zilembo. Langizo langa n'lakuti musiye mmene zilili, kapena sankhani wamba monga Arial. Ndanena izi chifukwa cha chilembo chathu cha ŵ, chija timalembera Malaŵi. Mitundu ina yokongoletsa ilibe chilembochi, ndiye bulawuza imakachibwereka ku mtundu wina, mawu n'kuoneka ngati avala nsapato zosiyana, ndipo pa makina akale kwambiri pamangotuluka kabokosi. A Google anapanga mitundu ya zilembo yotchedwa Noto cholinga chake chili chothetsa timabokosi timeneti m'zilankhulo zonse. Mphunzitsi wopuma sangakhululuke ataona dzina la dziko lake lili ndi bowo pakati.

Tsopano za mdzukulu. Chithunzi cha mpiracho ndi theme, chovala chabe cha bulawuza. Pamwamba pa tsamba lomwe lija la Appearance pali mzere wa Theme, ndipo pambali pake pali batani la Reset to default. Dinani, osewera mpira apita. Ngati mdima ukadalipo, tsegulani tab yatsopano (tsamba lina lopanda kanthu mu Chrome momwemo), dinani Customize Chrome pansi kumanja, musankhe Light. Pali zosankha zitatu, Light, Dark ndi Device, ndipo yachitatuyo imangotsatira mmene Windows yaikidwira.

Achinyamata amaukonda mdimawu, umene unafika mu Chrome ya pa kompyuta mu 2019, ndipo amati umasunga batire komanso umateteza maso. Za batirezo n'zoona pa masikirini a OLED ndi AMOLED, amene ali pa mafoni ena, chifukwa kadontho kalikonse kamayaka pakokha ndipo kakuda kamakhala kozima. Laputopu yakale ili ndi sikirini ya LCD, nyali yake ili kumbuyo ndipo imayaka chimodzimodzi kaya tsamba ndi loyera kaya lakuda. Magetsi akazima n'kumafuna batire ikhalitse, chepetsani kuwala kwa sikirini, ndiko kumathandiza. Za masonso sindigwirizana nazo kwa munthu wamkulu. Tsamba likakhala loyera kamwanadiso kamachepa ndipo zilembo zimaoneka zakuthwa, pamene zilembo zoyera pa mdima zimaoneka ngati zikuyenderera, makamaka kwa ovala magalasi. Ngati kuwala kukuwathobwa usiku, Windows 10 ndi 11 zili ndi Night light mu Settings, pa System kenako Display, imene imapangitsa sikirini kukhala yachikasu pang'ono ngati pepala la buku lakale.

Chimene chandidetsa nkhawa mu imelo yanu si mpira ayi, ndi tsamba la zotsatsa malonda lija. Theme yeniyeni ndi mitundu ndi zithunzi basi, singasinthe kumene mumafufuzira. Ngati Google yachoka, ndiye kuti pamodzi ndi chithunzicho panalowa extension, kapulogalamu kokhala mkati mwa bulawuza. Tina mwa timeneti timalonjeza zithunzi zokongola, kenako timatenga zonse zimene mukufufuza n'kumazipititsa kwa eni ake, ndipo zotsatsazo zimadyanso bandulo. Lembani chrome://extensions, muone mndandanda. Chilichonse chimene simukuchidziwa, dinani Remove, osachita nacho chisoni. Kenako mu Settings pitani pa Search engine mubwezere Google, muonenso pa On startup ngati pali adiresi yachilendo. Zikakanika, pali Reset settings, imene imabwezera zonse mmene zinabwerera. Siifufuta mapasiwedi, ma bookmark (maadiresi a masamba amene munasunga) kapena mbiri ya masamba amene munatsegula, koma mawebusaiti ena adzafuna kuti mulowenso. Ngati mufika pochita zimenezi, yambani ndi Reset, kenako onaninso ngati kukula kwa zilembo kuli mmene munaikira.

Zimenezi zinandichitikira ndi azakhali anga. Ndinawakonzera zonse bwinobwino, koma patangotha masiku atatu anandiimbira kuti zilembo zasanduka nyerere. Ndinapita, ndinakhala pambali n'kumaonerera. Akamatsitsa tsamba ndi kagudumu ka mausi, dzanja lamanzere amalitsamiritsa pakona ya kiyibodi, pomwe pali Ctrl. Ctrl ndi kagudumu zikakumana, tsamba limakula kapena kuchepa. Ndinadula kapepala, ndinalembapo ndi cholembera chofiira kuti “Zikasokonekera: Ctrl ndi 0,” n'kukamata pansi pa sikirini. Sanaimbenso za nkhaniyo. Dziwani kuti mukaika Page zoom pa 125, Ctrl ndi 0 imabwezera pa 125 pomwepo, osati pa 100.

Ngati bambo amawerenga nkhani zazitali, yesaninso Edge, bulawuza ina imene ili kale mu Windows 10 ndi 11. Pa tsamba la nkhani mukadina F9 imachotsa zotsatsa ndi zam'mbali zonse, n'kusiya mawu okhaokha oti mukhoza kuwakulitsa. Si masamba onse amalola, koma a nkhani ambiri amatheka.

Mdzukuluyo musamukalipire, amafuna kuthandiza. Mu Chrome, pafupi ndi timadontho titatu tija, pali kachithunzi ka munthu. Dinani pamenepo muwonjezere profile yachiwiri, kutanthauza mbali yakeyake ya Chrome, mu dzina lake. Aliyense amakhala ndi mitundu yake, zilembo zake ndi ma extension ake, ndiye akadzabweranso pa holide ya Khirisimasi adzaike osewera mpira onse amene akufuna kumbali yakeyo.