Seva imodzi, alendo mazanamazana: kodi Apache ndiyofunikabe kuiphunzira?

"Aphungu, ndili m'chaka chomaliza cha dipuloma ya zamakompyuta, ndipo ndikufuna ntchito yosamalira maseva. M'kalasi atiphunzitsa kuti Apache ili ndi ma MPM atatu, prefork, worker ndi event, ndipo ndawaloweza kuti ndikhoze mayeso. Koma anzanga akuti Apache ndi yachikale, masiku ano aliyense ali pa nginx, pulogalamu ina ya seva. Bambo anga, omwe akundilipirira sukulu, akufunsa ngati zimene ndikuphunzirazi zili ndi ntchito. Ndiwayankhe chiyani?"

Mphwanga, bambo uwauze kuti mtima ukhale m'malo, ndalama zawo sizikulowa m'madzi. Koma iwe ndikuuze mosapsatira: mayina atatu walowezawo sangakupezetse ntchito. Chimene olemba ntchito amafuna ndi munthu womvetsa vuto lomwe mayinawo anabwera kudzathetsa, ndipo vutolo silinakalambe.

Seva ya pa intaneti siyankha munthu mmodzi. Anthu mazana akhoza kutsegula tsamba limodzi pa nthawi yomweyo, ndipo browser ya aliyense ikupempha zinthu zingapo: zolemba, zithunzi, mafayilo a CSS ndi JavaScript. Wina netiweki yake ikuuluka, wina yake ikukwawa. Ndiye pali mafunso awiri. Pempho lililonse aligwira ndani? Nanga woligwirayo, pamene akudikira mlendo wochedwa uja, akudya RAM yochuluka bwanji?

Apache, pulogalamu ya seva yotumiza masamba a mawebusaiti kwa owapempha, inayamba mu 1995, kuchokera ku seva ya NCSA HTTPd yomwe gulu la anthu linkaikonzakonza. Mpaka pa Apache 1.3, pa makina a Unix yankho linali limodzi: kutsegula ma process ambiri, ndiko kuti makope a pulogalamuyo oyenda paokhapaokha, iliyonse ndi mlendo wake. Apache 2.0, yomwe inatuluka mu 2002, inachotsa gawo limeneli mkati mwa seva n'kuliika mu module yoti munthu angathe kuizula n'kulowetsapo ina. Ndiye MPM imeneyo (Multi-Processing Module). Ma module ena akhoza kugwira ntchito ambirimbiri pamodzi, koma MPM imakhala imodzi yokha pa nthawi imodzi. Pa Windows pali yakeyake, mpm_winnt, koma tiyeni tikhale pa Linux pomwe pali ntchito zambiri za maseva.

Taganizira ofesi yolandira anthu. Mu prefork, kalaliki aliyense ali ndi chipinda chake, tebulo lake ndi kabati yake ya mafayilo, ndipo amalandira munthu mmodzi mpaka atamaliza naye. Wina akasokoneza zinthu m'chipinda chake, anzake sizikuwakhudza. Koma zipinda zimadya malo. Mu worker, zipinda n'zochepa, ndipo m'chipinda chilichonse muli makalaliki ambiri ogawana kabati imodzi. Amenewa ndiwo ma thread, ndipo ngati sunasinthe, process iliyonse imakhala nawo 25. Malo asungika, koma wina akatayira inki m'kabati, onse a m'chipindamo alira. Mu event, makalaliki akhala monga mu worker, kungoti pakhomo aikapo munthu woyang'anira alendo amene angokhala phee osapempha kanthu.

Munthu wapakhomoyu ndiye nkhani yonse, choncho tiimepo kaye. Browser ikalandira tsamba sithamangira kudula kulumikizana, imasiya mzere wotsegula poyembekeza kuti ipemphanso china. Zimenezi zimatchedwa keep-alive, ndipo Apache imadikira masekondi 5 ngati sunasinthe KeepAliveTimeout. Masekondi 5 kwa iwe si kanthu, koma kwa seva yomwe imayankha pempho m'kachigawo kakang'ono ka sekondi ndi nthawi yaitali zedi. Mu prefork, process yathunthu imangokhala manja ali m'thumba masekondi onsewo. Mu worker, thread ndiyo imamangika. Mu event, mzere wongodikirawo umaperekedwa kwa listener thread, yomwe imayang'anira mizere yambiri nthawi imodzi mothandizidwa ndi epoll pa Linux kapena kqueue pa BSD, ndipo thread yogwira ntchito ija imamasuka kukatumikira wina. Event inayamba ngati yongoyesera mu Apache 2.2, n'kukhazikika mu Apache 2.4 ya mu 2012.

Ukhoza kufunsa kuti nanga prefork ikufunabe chiyani pano. Yankho lake, kawirikawiri, ndi PHP, chilankhulo chomwe mapulogalamu a mawebusaiti ambiri amalembedwera. Njira yakale yoyendetsera PHP inali kuilowetsa mkati mwa Apache momwemo kudzera mu mod_php, ndipo zina mwa zigawo zomwe PHP imadalira sizinapangidwe kuti ma thread ambiri azizigwiritsa ntchito pamodzi. N'chifukwa chake pa Debian ndi Ubuntu ukaika mod_php, makina amakubwezera ku prefork. Ambiri sazindikira n'komwe kuti zachitika.

Tsono tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti seva ili ndi RAM ya 4 GB, ndipo 1 GB yapita kwa Linux ndi database. Tinene kuti process iliyonse ya prefork, itasenza PHP, ikudya 50 MB. Mu 3 GB yotsalayo mukwana ma process pafupifupi 60. Koma MaxRequestWorkers, malire a mapempho omwe seva ingagwire nthawi imodzi, pa prefork amakhala 256 ngati palibe amene waikapo nambala ina. Ma process 256 a 50 MB ndi 12,800 MB. Tsiku limene alendo adzachuluke, Apache idzatsegula ma process mpaka RAM kutha, makina adzayamba kutsamira pa swap, malo a pa disk ogwiritsidwa ntchito RAM ikatha, chilichonse chidzayamba kukwawa, mwinanso Linux idzapha database kuti ipeze popumira. Ndipo pali msampha wina. Mapempho akafika pa malire, error log imalemba uthenga wokulangiza kuti uganizire zokweza MaxRequestWorkers. Wosadziwa amangomvera n'kukweza nambala, osayang'ana RAM, kenako moto umakula. Mwa njira, ukaona MaxClients m'zolemba zakale usadabwe, ndi dzina lakale la chinthu chomwechi.

Njira imene ine ndingasankhe lero ndi event, PHP n'kuitulutsa kunja kuti iziyenda payokha mu PHP-FPM, Apache izilankhula nayo kudzera mu mod_proxy_fcgi. Potero chithunzi kapena fayilo ya CSS sizifunanso process yolemera yonyamula PHP. Palinso chifukwa china: kuyambira pa Apache 2.4.27, HTTP/2, njira yatsopano yomwe browser ndi seva zimalankhulirana, sigwira ntchito ndi prefork.

Za anzako ndi nginx yawo, sakunama kwenikweni. Mu 1999 Dan Kegel analemba za vuto lotchedwa C10k, loti seva imodzi ingasunge bwanji mizere 10,000 nthawi imodzi, ndipo nginx, yomwe Igor Sysoev anaitulutsa mu 2004, inamangidwa kuyambira pa maziko kuti ma process ochepa aziyang'anira mizere yambirimbiri. Ganizo lake ndi lachibale ndi la event. Ukamvetsa chifukwa chake event inabadwa, nginx suivutikira, ngakhalenso Node.js. Komanso mawebusaiti ochuluka, makamaka a WordPress omwe amadalira mafayilo a .htaccess (mafayilo a malamulo a Apache oikidwa m'mafoda a webusaiti), akadali pa Apache, ndipo malo ena amaika nginx kutsogolo, Apache kumbuyo. Woyamba ntchito nthawi zambiri amapatsidwa seva imene ilipo kale, osati yomwe amailota.

Ndiye kope uliike pambali, uchite izi. Ika Ubuntu kapena Debian mu virtual machine, kompyuta yoyerekezera yoyenda mkati mwa laputopu yako, uikemo Apache. Lemba apachectl -V, uyang'ane mzere wa Server MPM kuti udziwe imene ikuyenda. Posintha, zimitsa yomwe ilipo ndi a2dismod mpm_event, yatsa ina ndi a2enmod mpm_prefork, kenako uyambitsenso Apache. Tenga ab, kapulogalamu koyesera mphamvu ya seva kamene kali mu phukusi la apache2-utils, uipanikize seva yako: ab -n 5000 -c 100 kutsogolo kwa adiresi ya tsamba lako, kutanthauza mapempho 5,000, okwana 100 nthawi imodzi. Ubwerezenso utawonjezera -k kuti keep-alive ilowepo. Izi zikuchitika, pawindo lina uziona free -m ndi top, zomwe zimaonetsa RAM ndi ma process, komanso tsamba la mod_status, lomwe limaonetsa wantchito aliyense ndi chilembo chimodzi: W akutumiza yankho, R akuwerenga pempho, K wamangika pa keep-alive. Pa prefork, tsegula tsambalo m'ma browser angapo n'kuwasiya, ma K uwaona ndi maso ako. Chonde, ab uziilozetsa pa makina ako okha. Kupanikiza seva ya eni popanda chilolezo kukhoza kukuika m'mavuto aakulu.

Zimene wapezazo uzilembe patsamba limodzi: MPM iti, RAM yochuluka bwanji, mapempho angati pa sekondi, chinayamba kufooka n'chiyani. Tsamba limenelo upite nalo ku intavyu, ndipo akakufunsa kusiyana kwa prefork ndi event, uyankhe ndi manambala akowo. Ngati bambo angakwanitse kukuthandiza ndi satifiketi ukamaliza dipuloma, yang'ana za Linux Professional Institute. Umayamba ndi LPIC-1, ndipo kukonza Apache kuli m'mayeso a LPIC-2.