Mahatchi atatu pa ndowa imodzi, ina ikuwonda ina ikunenepa

Bambo wina amene amasamalira mahatchi papulazi kufupi ndi Kyalami, ku Johannesburg, watitumizira imelo. Ali ndi hatchi ya mtundu wa Thoroughbred ya zaka 6 yomwe inkathamanga pamipikisano, ina ya mtundu wa Boerperd ya zaka 24, ndi kahatchi ka mtundu wa Welsh. Onse amadya zofanana, pamalo amodzi. Yothamanga ija ikuwonda ndipo yayamba kuluma akamaimanga chishalo, nkhalamba ikulavula udzu wotafunatafuna, pomwe kakang'onoko kanenepa mpaka nthiti sizikukhudzika. Akufunsa ngati awonjezere chakudya cha m'matumba.

Achimwene, musawonjezere kaye. Mahatchi anuwa akufuna kadyedwe katatu kosiyana, ndipo poyambira ndi kudziwa kulemera kwa iliyonse. Tengani tepi, yezani kuzungulira chifuwa kuseri kwa miyendo yakutsogolo, kenako kutalika kuchokera pansonga ya phewa kufika pansonga ya thako, m'masentimita. Chulukitsani chifuwa ndi chifuwa, muchulukitsenso ndi kutalika, mugawe ndi 11,877. Chifuwa cha 185 ndi kutalika kwa 175 zikupatsani makilogalamu pafupifupi 500. Hatchi imafunika udzu wouma wokwana 1.5 mpaka 2 peresenti ya kulemera kwake patsiku, choncho yotereyi idye makilogalamu 7.5 mpaka 10. Udzuwo muziuyeza pasikelo, maso amanama.

Thoroughbred yanuyo tikuikayikira zilonda zam'mimba, zomwe n'zofala kwambiri pa mahatchi ochokera kumipikisano. Mimba ya hatchi imatulutsa asidi usana ndi usiku, kaya yadya kaya ayi, ndipo malovu amene amatuluka potafuna ndiwo amachepetsa ukali wake. Ikakhala maola ambiri osatafuna kanthu, asidiyo amawotcha khoma la mimba. Hatchi yotere imawonda, imadya monyinyirika, ndipo ina imakwiya mukamakoka lamba wa chishalo. Kuikwapula kuti ndi yamwano n'kungoonjezera mavuto. Isathe maola oposa anayi popanda udzu, muipatseko lucerne (chomera cha gulu la nyemba chodyetsa ziweto) pang'ono musanaikwere, ndipo chakudya cha m'thumba chisapitirire makilogalamu awiri pa kudya kumodzi. Wotsimikiza za zilondazo ndi dokotala wa ziweto, ndi kamera yolowetsa m'mimba. Onetsetsaninso chishalocho, chifukwa hatchi ikawonda chishalo chomwe chinkaikwana chimayamba kukanikiza msana.

Nkhalamba ija nkhani yake ndi mano. Mano a hatchi amapitiriza kutuluka m'nkhama kwinaku akuperepeseka, ndipo ikadutsa zaka 20 otsala amakhala ochepa, ena ogwedera, ena akuthwa m'mbali mpaka kucheka tsaya. Timibulu ta udzu tomwe mukutola pansito ndi umboni wake. Mano apalidwe kamodzi pachaka, yokalamba ngakhale kawiri. Chakudya chake muzichiviika m'madzi chikhale ngati phala, katatu kapena kanayi patsiku, kuti chisaitsamwe. Ngati ubweya wake ndi wautali ndipo sukuthothoka nyengo yotentha, auzeni adokotala ayeze magazi, pali matenda a Cushing omwe amakonda mahatchi okalamba.

Kakang'onoko ndi komwe kali pangozi yaikulu, ngakhale kakuoneka kosangalala. Mitundu ya Welsh inazolowera msipu wosauka wa m'mapiri, ndiye ikadya zonona imagwidwa ndi laminitis, kutupa kwa minofu yolumikiza chiboda ndi fupa. Zizindikiro zake ndi ziboda zotentha, kuyenda ngati kakuponda minga, ndi kuima kotsamira kumbuyo. Chakudya cha m'thumba kachotsereni. Ngati kakulemera makilogalamu 250, kapatseni udzu wa teff kapena Eragrostis pafupifupi makilogalamu anayi patsiku, woviikidwa m'madzi kwa ola limodzi kuti shuga achepe, ndipo mvula ikagwa msipu n'kuphuka kasamatayiriridwe tsiku lonse. Koma musakamane chakudya mwadzidzidzi, timahatchi tonenepa tikasala timadwala matenda oopsa a mafuta m'magazi.

Podyetsa alekanitseni, iliyonse m'chipinda chake mpaka itamaliza. Pagulu la mahatchi pamakhala wamkulu, ndipo nthawi zambiri sakhala wamkulu thupi. Mukaonetsetsa mupeza kuti mwina kakang'onoko ndi komwe kamathamangitsa nkhalamba pandowa. Kubwalo ikani milu inayi ya udzu, yotalikirana bwino, kuti yothamangitsidwa ipeze pena podya. Chilichonse chomwe mukusintha chitenge masiku 7 mpaka 14. Hatchi siisanza, ndiye kusintha kwadzidzidzi kumabweretsa kupotokola kwa m'mimba komwe kumapha. Chakudya cha ng'ombe kapena cha nkhuku chisayandikire, china chimakhala ndi monensin, poizoni kwa hatchi.

Zofanana kwa onse n'zochepa. Madzi aukhondo asasowe, hatchi yaikulu imamwa malita 25 mpaka 50 patsiku. Ziboda zidulidwe masabata 6 mpaka 8 alionse. Katemera wa matenda oopsa a mahatchi otchedwa African horse sickness ku South Africa amabayidwa pakati pa 1 June ndi 31 October, majekeseni awiri otalikirana masabata atatu, ndipo nyengo yamvula alowetseni m'khola dzuwa lisanalowe chifukwa tintchentche tofalitsa matendawa timaluma madzulo ndi m'bandakucha. Muziyezanso kutentha kwa thupi m'mawa. Kwabwino ndi madigiri 37.5 mpaka 38.5, ndipo kukapitirira apo, kapena mukaona kutupa pamwamba pa maso, imbirani adokotala nthawi yomweyo.