Akuti akuphunzira "coding", ine ndikuona magemu

FUNSO: Zikomo achimwene. Mwana wanga wamwamuna analemba Fomu 4 chaka chatha. Amalume ake anamupatsa laputopu yakale, ndiye kukacha ali pomwepo mpaka magetsi atazima. Ndikasuzumira ndimangoona tinthu tikudumphadumpha, pena akujambula tizilombo ta maso akuluakulu. Iye akuti akuphunzira "coding". Bandulo ndimagula ndine. Kodi sakundipusitsa ameneyu?
Mayi wodandaula, Ndirande

YANKHO: Mayi, kumugwira n'kosavuta. Madzulo ano mukhale pambali pake, muloze kanthu kodumphako n'kumuuza kuti: "Kameneka kakhale kofiira." Ngati amangosewera, ayamba kukanda m'mutu. Ngati akuphunziradi, atsegula tsamba lodzaza ndi tizilembo, asintha mawu amodzi, ndipo kanthuko kafiira inu mukuona.

Ine ndimadyera kupanga mawebusaiti, ndipo ndinayamba ngati mwana wanuyo. Magemu osewerera pa Chrome kapena Firefox, mapulogalamu otsegulira mawebusaiti, zam'kati mwake sizibisika kwenikweni. Ukadina batani la F12 pa laputopu zili ngati watsegula boneti ya galimoto: umaona HTML yoyala zinthu pa tsamba, CSS yozipatsa mtundu ndi kukula, ndi JavaScript yoziyendetsa.

Mphunzitsi wanga weniweni inali gemu ya manambala yotchedwa 2048, momwe manambala awiri ofanana akagundana amasanduka nambala imodzi yaikulu. Anaipanga ndi mnyamata wa ku Italy, Gabriele Cirulli, mu 2014 ali ndi zaka 19, n'kuika code yake, malangizo olembedwa oyendetsa gemuyo, pa webusaiti ya GitHub kuti aliyense atenge ulere. Ine ndinatenga. Ndinachotsa manambala aja n'kuikamo zam'basiketi ya pa depoti: zitumbuwa ziwiri zikagundana zisanduke mandasi, mandasi awiri asanduke sikono. Zinakana. Masiku atatu ndikugona mochedwa, maso ali psu, kenako ndinapeza kuti ndinaiwala kachizindikiro kamodzi ka koma (,) pa mzere wina. Kakoma! Nditangokonza, magetsi anathima ndisanasunge, batire linali lakufa kale, ndinachita kuyambiranso. Lero kasitomala akaimba kuti batani lolipirira silikugwira, ndimasakasaka ndi mtima womwe uja wa zitumbuwa.

Tizilombo akujambulato musatinyoze. Kasitomala saona code, amaona chithunzi, ndipo nthawi zambiri ndi chimene amalipirira. Mwanayo aike Krita yojambulira ndi Inkscape yopangira ma logo. Onsewa ndi aulere, asavutike ndi mapulogalamu akuba odzaza mavairasi. Logo ya pa Inkscape ungaikulitse kuchoka pa kakhadi mpaka pa chikwangwani cha pamsewu, siiphwanyika.

Pa nkhani ya bandulo ndili mbali yanu. Kulemba HTML ndi JavaScript sikulira intaneti tsiku lonse. Notepad yolembera ndi Chrome n'zokwanira, fayilo imatseguka pa laputopu pomwepo. Chimene chimameza bandulo ndi mavidiyo. Mumugulire ya pa sabata, atsitse maphunziro ake, ikatha yatha. Akatopa asewere ka dinosaur ka pa Chrome kaja, kamene kamatuluka intaneti ikaduka.

Kenako mupatseni ntchito. Ngati muli ndi kageni, kaya ka kaunjika kaya ka mazira, akupangireni tsamba limodzi lokhala ndi zithunzi ndi mitengo, looneka bwino pa foni yanu, pasanathe masabata awiri. Mudzandilemberenso, ndimve ngati kanthu kaja kanafiira.