Asisi, musakatsale m'galimoto: za mashopu a nsalu ndi gombe la Oregon

Sabata ino kwabwera imelo yochokera kwa asisi ena amene amakhala ku Seattle, kuno ku America. Akuti mnzawo wa kuntchito wawapempha kuti ayende limodzi pagalimoto kutsata gombe la Oregon, koma mnzawoyo ndi wosoka ma quilt, zofunda zija amazisoka polumikiza tizidutswa ta nsalu, ndiye akufuna aziima pashopu iliyonse ya nsalu pomwe iwo chomwe akufuna ndi kuona nyanja basi. Funso ndi loti apite kapena akane mwaulemu. Ndipo kumapeto alemba kuti mwina azingodikira m'galimoto mnzawoyo akamagula.

Asisi, mawu omalizawo ndi amene andikhazika pansi usiku uno kuti ndilembe, chifukwa ulendo umenewu ndinauyendapo, msewu womwewo wa 101, ndi munthu wa matenda omwewo a nsalu, ndipo anthu odikira m'galimoto ndinawaona ndi maso angawa. Pafupifupi pashopu iliyonse pamene tinkaima pamakhala bambo wina panja, mpando waugoneka chagada, chipewa kumaso kapena foni m'manja, nkhope ngati wabwera kumaliro. Mashopu ena mpaka amaika kampando pafupi ndi chitseko ka anthu oterewa. Ine ndimawamvera chisoni koma penanso amandikwiyitsa, munthu wayenda mtunda wonsewo kuti akaone padenga la galimoto yake yomwe?

Wanga mnzanga ndi mayi wina wachikulirepo amene tinkagwira naye ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Portland, wobadwira konkuno, mwini Subaru ina yakale yodzadza ndi timaulusi pansi pa mipando. Tinanyamuka m'mawa kudzera msewu wa 26, ndipo kumbuyo anaika chikwama chachikulu chopanda kanthu, nditafunsa anangoseka nkuti chidzadza chokha. Ine nthawi imeneyo nkhani ya ma quilt sinkandilowa m'mutu ngakhale pang'ono. Kwathu ku Zomba telala wa pakhonde la golosale ankasunga zidutswa zotsala m'thumba la feteleza, ana tinkakapempha kuti tisokere zidole, ndipo amayi ena ankalumikiza zidutswazo kupanga chofunda cha mwana chifukwa bulangete linali lodula. Zimenezo zinali zomveka, kusowa ndi kumene kunkasoketsa. Koma apa munthu akulowa mushopu, akugula nsalu yatsopano yabwinobwino pamtengo wopitirira madola 10 pa yadi, akupita nayo kunyumba kukaiduladula, kenako nkuisokanso. Ndinamuuza poyera kuti kwathu akanakuitanira abusa adzakupempherere. Anati dikira tifike ku Tillamook.

Koma tisanafike uko tinayamba taima ku Cannon Beach, kumene kuli chimwala chija chotchuka cha Haystack Rock, chotalika mamita 72, chimene aliyense amachijambula. Madzi akaphwera mumatha kuyenda mpaka patsinde pake nkuona tizamoyo m'timaiwe totsalira pamiyala, ndipo kuyambira cha mu April mpaka July pamwamba pake pamaswana mbalame za milomo yofiirira zotchedwa puffin. Nkokongola, sindikukana. Koma ndikuuzeni zoona, pakatha theka la ola mwajambula mbali zonse, mphepo yakulowani m'makutu, mchenga uli m'mano, ndipo mumayamba kufunsana kuti tsopano titani. Ichi ndi chimene anthu ofuna "kungoona nyanja" saganizira. Gombe la Oregon ndi lalitali mamailosi opitirira 360, simungathe kuliyang'ana tsiku lonse muli chiimire pamphepo. Pamafunika poti muzilowa, pofunda, pomwe pali anthu oti mucheze nawo. Ndipo m'timatawuni timeneti malo oterowo ngati si mogulitsa khofi ndiye ndi shopu ya nsalu.

Apa ndilowetsepo nkhani ina imene imandiwawa. Gombe lonselo, kuchokera ku Astoria mpaka kumalire ndi California, ndi la aliyense. Mu 1913 bwanamkubwa Oswald West anachititsa kuti mbali ya mchenga imene imamira madzi akadzadza ikhale msewu wa boma, kenako m'ma 1960 mwini motelo wina ku Cannon Beach anatchinga mchenga wa kutsogolo kwake kuti muzikhala alendo ake okha, anthu anakwiya, ndipo mu 1967 pansi pa bwanamkubwa Tom McCall panabwera lamulo lotchedwa Beach Bill lotsimikiza kuti anthu ali ndi ufulu woyenda pamchengapo. Munthu mmodzi anatchinga, dera lonse linadzuka. Ine nditaimirira pamenepo ndinangoganiza za ku Mangochi ndi ku Salima, momwe mumayendera mtunda wautali mukuona mipanda ya ma cottage ndi malo ogona alendo yokhayokha, nyanja mukungoimva phokoso, mwana wobadwira pompo akuzungulira kutali kuti akachape. Ndikayamba imeneyi sinditha, tiyeni tibwerere.

Kuchoka ku Cannon Beach msewu umakwera phiri la Neahkahnie, pali malo oimikapo galimoto m'mbali, mukasuzumira mumaona tawuni ya Manzanita ili pansi ndi mchenga woyera utatambalala mpaka kutali. Tsiku lomwe ife tinadutsa kunali chifunga chokhachokha, sitinaone kanthu, tinangoona khoma lamiyala ndi nsapato zathu. Ndiye taganizani munthu amene ulendo wake wonse wauika pa kuona, chifunga chikabwera ulendo wathera pomwepo. Mnzanga sanadandaule nkomwe, iye ulendo wake unali ndi miyendo iwiri.

Ku Tillamook ndi kumene mutu wanga unatembenuka. Anthu ambiri amaimako chifukwa cha fakitale ya tchizi ndi ayisikilimu, nafenso tinadyako, mzere wake ndi wautali koma bola. Koma chapafupi pomwepo pali Latimer Quilt and Textile Center, m'nyumba imene kale inali sukulu, momwe amasunga ndi kuonetsa ma quilt akale ndi atsopano, muli ndi makina amatabwa owombera nsalu. Mayi wina wokalamba wongodzipereka ananditenga nkundionetsa quilt yakale yosokedwa pamanja, akuloza ndi chala osaikhudza, nkundiuza kuti ndiyang'ane kuchepa kwa masitichi. Asisi, tinali tating'ono, tofanana tonse, mizere yokhotakhota kuzungulira chofunda chonse, ndipo m'tizidutswamo munkaoneka kuti aka kanali ka diresi, aka ka malaya a bambo. Apo ndinazindikira kuti nawonso kunoko zinayamba ndi kusataya kanthu, zogula nsalu yatsopano nkuidula zabwera anthu atapeza bwino. Quilt ili ndi magawo atatu, pamwamba polumikizidwa tizidutswa, pakati thonje, pansi nsalu imodzi yaikulu, ndiye kusoka komwe kumagwirizanitsa zitatuzi ndi kumene kuli luso lenileni. Masiku ano ambiri amapereka kwa anthu okhala ndi chimakina chachitali chotchedwa longarm, ndipo mnzanga amazinyoza pang'ono koma iyenso amapereka kkkk.

Komanso m'dera la Tillamook lomwelo mukamayenda m'mafamu a ng'ombe mudzaona zikwangwani zikuluzikulu zopentedwa mapatani a quilt zitakhomedwa pamakola ndi panyumba, ndi Tillamook County Quilt Trail imeneyo. Chizolowezichi chinayambira ku Ohio mu 2001 ndi mayi wina Donna Sue Groves amene ankafuna kulemekeza amayi ake osoka. Ife tinazisandutsa mpikisano, woyamba kuchiona ndi kutchula dzina la patani wapambana, ndipo ine amene m'mawa sindinkadziwa ndi limodzi lomwe pofika madzulo ndinali kukuwa Log Cabin, Ohio Star, mnzanga akundiuza kuti ndachita mwayi. Popanda zikwangwanizo sitikanalowa timisewu ta m'mafamuto, tikanangothamanga pa 101 ngati wina aliyense.

Ndiye pano ndinene mosapsatira. Nzeru ija yoti gawanani tsiku, m'mawa za iye masana za inu, ine ndimaikana, ndi yachabe. Mukatero aliyense amakhala akuyang'ana wotchi nthawi ya mnzake, iye akusankha nsalu mothamanga chifukwa akudziwa kuti muli panja mukuusa moyo, inunso pagombe mukuona kuti iye akungoganiza za shopu imene itseke 5 koloko. Umenewo si ulendo wa anthu awiri, ndi maulendo awiri okakamizana galimoto imodzi. Ngati mukudziwa mumtima mwanu kuti mushopu simungalowemo ngakhale atakukokani, kanani pano, muuzeni apeze mnzake wosoka, ubwenzi wanu ukhala. Koma kuvomera kenako nkumakakhala panja, ayi, kumeneko ndi kumulanga munthu chifukwa chokuitanani.

Ndipo kulowa sikutanthauza kuti muphunzire kusoka. Ine mpaka lero makina ndimangowaona. Ntchito yanga inali yosankha mitundu. Mnzanga ankandipatsa kansalu kamodzi nkuti ndipezere zitatu zoyenda ndi aka, ndiye ine ndimazungulira mashelefu kusolola ma fat quarter, tinsalu tija todulidwa kale mainchesi 18 kwa 22 topindidwa bwinobwino, nkumamubweretsera zowala zokhazokha, yelo ndi pepo ndi zobiriwira, iye nkumagwira kumutu chifukwa anazolowera zotuwatuwa za buluu. Maso amene anakulira pa chitenje saopa mitundu, ndipo eni mashopu ankabwera kudzaona zomwe ndasanjika patebulo lodulira. Mushopu ina cha ku Lincoln City ndinatulutsa chitenje chimene ndinkafunda m'galimoto, mayi wogulitsa anachitenga, anachitembenuza uku ndi uku, kuchifikisa pakati pa zala, nkuyamba kufunsa za kwathu mpaka makasitomala ena anadikira. Anatilangiza kuti tikafuna kuchiphatikiza ndi nsalu zoyera tiyambe tachichapa pachokha kuti mtundu usadzathimbirire zinazo. Nkhani zomwe ndinamva m'mashopu amenewo, za amuna awo asodzi, za mvula yosatha ya m'nyengo yozizira, za ma quilt omwe amasokera odwala ndi asilikali akale, pamalo ojambulira zithunzi simungazimve, paja aliyense amangoti pepani ndidutse.

Chakummwera ndi kumene nyanja imachita ukali wake weniweni. Ku Depoe Bay mumatha kuona anamgumi muli chiimire pakhoma la m'mbali mwa msewu, makamaka cha mu December ndi March pamene akudutsa, ngakhale ena amakhala pompo m'chilimwe. Ku Newport kuli nsanja younikira zombo ya Yaquina Head, yayitali kuposa zonse mu Oregon, mamita 28, inayamba kuwala mu 1873, ndi mlatho wokongola wa 1936 wowoloka Yaquina Bay. Kenako Yachats, Cape Perpetua, dzenje lija la Thor's Well limene limaoneka ngati likumeza nyanja, ndi nsanja ya Heceta Head musanafike ku Florence. Chigawo chimenechi mashopu ndi otalikirana, ndiye musaope, nyanja yanu mudzaikhuta.

Zoti musamale

Madziwo ndi ozizira koopsa chaka chonse, musadzapite ndi maganizo osambira. Ndipo kuli mafunde ena amene amabwera modzidzimutsa nkukwera kutali pamchenga pomwe mumayesa pouma, amawatcha sneaker wave, apha anthu ndithu, ndiye nyanja osaifulatira pojambula, komanso osakwera kapena kukhala pa zipika zamitengo zomwe zili pamchenga chifukwa funde limazinyamula nkukupsinjani. Ku Thor's Well onerani patali. Mudzaonanso zikwangwani zabuluu za tsunami m'matawuni onse, si zokongoletsa, gombe limeneli linagwedezeka ndi chivomerezi chachikulu mu January 1700, ndiye mukafika pogona ingoyang'anani kuti kumtunda ndi kuti.

Tsono yankho lanu mwachidule, pitani. Kuchokera ku Seattle tsikirani ku Astoria, ngati nkotheka mulowere pamlatho wa Astoria-Megler wowoloka mtsinje wa Columbia, ndi wautali mamailosi 4, kenako muzitsata 101 kulowera kummwera chifukwa mbali ya nyanja imakhala kudzanja lanu lamanja ndipo kupatuka nkosavuta. Mashopu ambiri amatseka cha m'ma 5 ndipo ena Lamulungu kapena Lolemba satsegula, ena anatsekeratu ngakhale pa intaneti akuonekabe, ndiye mnzanuyo aziimba foni kaye. Mashopu masana, gombe m'mawa ndi madzulo, konseko muli limodzi, poti m'chilimwe dzuwa limalowa mochedwa. Onani nthawi yomwe madzi amaphwera musanapite ku Haystack Rock. Tengani jekete ngakhale mu July. Za mafuta ndi pogona gwirizanani musananyamuke, ndipo malo ogona a July ndi August sungitsani msanga. Ku Oregon kulibe msonkho wa pogula zinthu pomwe kwanu ku Seattle mumalipira cha m'ma 10 peresenti, ndiye dziwiranitu kuti mnzanuyo adzagula mopitirira, musiyireni malo kumbuyo.

Akayamba kutchula za ku tawuni ya Sisters, chionetsero chija cha ma quilt okolekedwa panja chimene Jean Wells anachiyambitsa mu 1975 ndipo chimachitika Loweruka lachiwiri la July, muuzeni kuti uko si kugombe ayi, ndi kuseri kwa mapiri a Cascade, maola angapo kuchokera kunyanja, umenewo ndi ulendo wina paokha ndipo musalole kuti aupanikizire mu uno.