Sosaite ya a Port Herald ku Halale: yankho kwa mdzukulu wa mtchona

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amakhala ku Bangwe, koma kwawo ndi kwa Tengani ku Nsanje. Akuti agogo awo aamuna anakhala zaka zambiri ku Halale, ndipo atabwerera kumudzi imvi zili mbuu ankakonda kunena kuti pakanapanda sosaite ya a Port Herald, mng'ono wawo akanakwiriridwa ngati galu. Funso lawo ndi ili: "Kodi sosaite imeneyi inalikodi, kapena zinali nkhambakamwa za munthu wokalamba? Nanga inkayenda bwanji?"

Achemwali, agogo anu sankanama. Inalikodi, ndipo Azungu ankailemba m'mabuku awo kuti Port Herald Burial Society. Wolemba mbiri Charles van Onselen anaitchula m'buku lake lotchedwa Chibaro, lonena za anthu ogwira ntchito m'migodi ya ku Southern Rhodesia, komwe lero ndi ku Zimbabwe. Chomwe chimandigwira mtima n'chakuti gulu lotchedwa dzina la boma lathu silinabadwire kuno kuchigwa. Linabadwira kutali, pakati pa anthu amene ankaopa kufera kuchilendo.

Port Herald ndi Nsanje yomweyi. Kale linali doko lenileni. Sitima zapamadzi zinkachokera ku Chinde, kumene Zambezi amathira m'nyanja yamchere, n'kukwera Shire ndi katundu ndi anthu. Njanji yopita ku Blantyre inatsegulidwa mu 1908, ya ku Beira inafika pa Zambezi mu 1922, ndipo mlatho wa Dona Ana unalumikiza ziwirizi mu 1935. Choncho boma lathu linali khomo lotulukira. Mnyamata wofuna ndalama ya msonkho kapena ya chiwongo ankanyamuka, ena pa sitima, ambiri wapansi kudzera ku Tete. Akafika uko, Mmang'anja wa kwa Tengani, Msena wa kwa Nyachikadza, ngakhale amene makolo ake anangowoloka kumene kuthawa chibalo cha Apwitikizi, onse ankangoti ndi a Port Herald.

Mu 1918 kunabwera fuluwenza. M'makomboni a migodi, momwe anthu ankagona mothithikana, nthendayi inapulula anthu ngati nkhuku za chitopa. Taganizani mmene ife akuchigwa timaonera maliro. Pamafunika womusambitsa, womulira, wodziwa mutu uloza kuti, wokauza abale. Kumeneko munthu wopanda wake ankanyamulidwa ndi anthu osamudziwa n'komwe dzina, nthawi zina akaidi, n'kuikidwa popanda nyimbo. Kumudzi mkazi ankangodikira kalata zaka ndi zaka. Ndi m'nyengo imeneyi pamene magulu a maliro a anthu ochokera dera limodzi anaphuka mu Salisbury, amene ndi Halale yemweyo, ndi m'migodi. A ku Tete anali ndi lawo, a ku Sena lawo, ndipo athu anali ndi ili la Port Herald, lomwe linafalikira mpaka kumigodi monga wa Shamva.

Kayendetsedwe kake sikanali kovuta kumva. Munthu ankapereka ndalama yolowera, kenako n'kumasonkha mwezi ndi mwezi akalandira. Wina akadwala, anzake ankamuzonda ndi chakudya. Akamwalira, thumba lija linkagula bokosi ndi nsalu, mamembala n'kumuperekeza kumanda ali pamzere. Atsogoleri ankadzipatsa mayina a maudindo achizungu, monga King ndi Governor. Ena amaseka akamva zimenezi, koma ine sindiseka. Bambo amene sabata yonse akumuitana kuti boyi, ndevu zili pepeya, Lamlungu ankaimirira pamaso pa anzake n'kuweruza nkhani za ndalama, anthu n'kumumvera. Ulemu umenewo unali mbali ya zomwe ankasonkhera. Aboma ankawayang'ana ndi diso lokayikira magulu oterewa, makamaka anthu a ku Nyasaland atatsogolera sitiraka ya pa Shamva mu 1927, chifukwa anthu amene aphunzira kusunga thumba limodzi savuta kumvana pa zinanso.

Nzeruyi sanaitole kwa Mzungu. Anachoka nayo kuno. Akuluakulu akuchigwa amakumbukabe nomi, magulu a anyamata ndi atsikana amene ankalima m'minda ya anthu, makamaka ya thonje, malipiro n'kumaika pamodzi, pomaliza nyengo n'kuchita phwando. Mu nomi munali atsogoleri, munali malamulo, munali chilango kwa waulesi. Mnyamata wokulira mmenemo atafika ku Halale ankadziwa kale kuti ndalama ya gulu imasungidwa bwanji. Chomwe chinasintha n'chakuti kuchilendo kunalibe atsibweni, kunalibe adzukulu, ndiye anzake a kumudzi analowa m'malo mwa onsewo.

Ndinganene kuti sosaite ija ilipobe, yangosintha malaya. Ana athu a ku Johannesburg ndi Cape Town amasonkherana pa WhatsApp kuti thupi la mnzawo lifike kwawo. Koma mabanki m'khonde athuwa amandidandaulitsa pang'ono. Maso onse ali pa chiwongoladzanja ndi tsiku logawana, pomwe kathumba ka zadzidzidzi kamakhala kochepetsetsa. Madzi osefukira a 2015 ndi namondwe Freddy mu 2023 anationetsa ku Makhanga ndi madera ena kuti vuto likagwa pamudzi wonse nthawi imodzi, kathumba kotere sikafika patali. Agogo anu ankasonkha ndalama yomwe ankadziwa kuti iwo eni sadzaigwira m'manja.

Munafunsanso ngati mungapeze mayina a mamembala. Yambirani kunyumba. Matchona ambiri ankabwera ndi sutukesi yachitsulo, ndipo pansi pake pamapezeka chitupa, makalata, zithunzi, nthawi zina kakhadi kapena kope la zosonkha. Mukaona ndalama zolembedwa m'masheleni ndi makobiri, dziwani kuti ndi zakale ndithu, poti ngakhale kwathu kuno kwacha inayamba mu 1971. Musafufute kanthu, ingojambulani tsamba lililonse ndi foni.

Mukatero kwerani basi mubwere kwa Tengani, makamaka miyezi ya Juni ndi Julaye kusanayambe kutentha kwathu kuja. Musathamangire kwa abambo okha. Khalani pamkeka ndi agogo aakazi, chifukwa ndi iwo amene ankalandira mauthenga a maliro ndi katundu wa omwalira, ndipo amakumbuka amene anabweretsa bulangete la malemu ndi amene anapita naye limodzi. Awerengereni mayinawo mokweza limodzilimodzi, ndipo muyambe ndi la mng'ono wa agogo anu uja.