Azakhali, za S82.2 ndi V23.5 zija

Azakhali, mwaswera bwanji? Pepani ndachedwa, ndinali pa ntchito. Chithunzi cha kalata yomwe amupatsa mwana wanu potuluka m'chipatala ndachiona. Mwafunsa ngati S82.2 ndi V23.5 ndi ndalama kapena nambala ya mlandu. Ayi, mtima pansi. Ndi manambala omwe ife osunga mafayilo a odwala timalemba tsiku ndi tsiku. Amachokera m'buku la WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse. Bukulo ndi lotchedwa ICD-10, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1994. Latsopano lilipo, ICD-11, la 2022, koma zipatala zambiri zikadali pa lakalelo.

Munthu akavulala pamsewu, manambala amakhala awiri. Ya S imanena chomwe chavulala. S82 ndi kuthyoka mwendo kuyambira pabondo kutsika, ndipo ka 2 kakumapetoko ndi fupa la msongolo, pakatikati pake. Akanathyoka ntchafu mukanaona S72.

Ya V ija, azakhali, ndi yomwe ndikufuna mumvetsetse. Imafotokoza mmene ngozi inachitikira. Mukaona V2, wovulalayo anali pa njinga yamoto. Woyenda pansi amayamba ndi V0, wa njinga yakapalasa V1, wa m'galimoto laling'ono V4. Ndiye 3 wotsatirayo akunena chomwe anawombana nacho, galimoto. Akanangogwa yekha ikanakhala V28. Tsono kanambala komaliza: 5 ndi wokwezedwa, 4 ndi woyendetsa. Inu munati anachita kukwezedwa, eti? Ndiye alemba bwino. Kanambala kamodzi komweko kakasokonekera, a inshuwalansi atha kuyamba kufunsa laisensi kwa munthu yemwe sanagwire n'chiwongolero chomwe.

Koma musayembekezere kuti V23.5 inena wolakwa. Sinena. Zimenezo ndi za lipoti la apolisi.

China, ife sitiona wodwala, timangowerenga zomwe adokotala alemba. Kulota sitiloledwa. Lamulo la bukuli limati ngati sanalembe kuti fupa linathyoka n'kusiya bala lotseguka, tizitenga ngati linathyokera m'kati basi. Ine ndinakumanapo ndi fayilo yolembedwa mawu awiri okha, "ngozi, mwendo". Wakumanja kapena wakumanzere, zii. Ndinayenda nayo masiku atatu kusaka amene anaona wodwalayo. Ndipo nambala ya WHO sisonyeza mbali, mbaliyo iyenera kulembedwa m'mawu.

Ndiye chonde, pomwe mukupita kukaonetsa chikhakhacho, mutenge kalatayo muwerenge pamodzi ndi adokotala. Tsiku ndi nthawi ya ngozi zikhalepo, mwendo wake utchulidwe. Munatinso anakomoka pang'ono asanafike kuchipatala, komanso kuti chipewa chinang'aluka. Pachithunzichi sindikuona chilichonse cha mutu. Muwauze zimenezo, makamaka ngati mutu ukumupwetekabe kapena akusanza. Zikatero musadikire tsiku lomwe anakupatsani, mupite naye lero lomwe. Mufunsenso kuti pofika anamupatsa zingati pa GCS, ndi muyeso wa kutsitsimuka, umayambira pa 3 kulekeza 15.

Pakapezeka cholakwika, musakonze nokha ndi cholembera. Adokotala akonze, asayine, kenako ife tisinthe nambala.

Ee, mundijambulirenso tsamba lachiwiri, lija lakuda pansi pake, chala chanu chinaphimba deti. Mumupatse moni wodwalayo.